William Harvey—Munthu Amene Anatsatira Njira ya Mwazi

TAIKANI zala ziŵiri pamkono wanu, chamunsi mwa chala chachikulu. Kodi mukumva kugunda? Tsopano tembenuzani dzanjalo ndi kuyang’ana mitsempha yooneka pansi pa khungu. Ikhudzeni. Iyo siigunda, ndipo mutaikanikiza pang’ono imaphwa. Kodi nchifukwa ninji thupi lili ndi mitundu iŵiri ya mitsempha ya mwazi, ina yolimba ndi yogunda, ina yofeŵa ndi yabata?

Lerolino mwana wa sukulu akhoza kuyankha funso limenelo. Komabe, kwa zaka pafupifupi 1,400 madokotala ophunzira koposa anali kupereka yankho lolakwa, ndipo odwala ankachiritsidwa mogwirizana ndi kulakwa kumeneko. Amene anaongola nkhaniyo anali dokotala wachingelezi wotchedwa William Harvey. Kuti achite zimenezo, iye anaika pangozi mbiri yake yabwino ndi ntchito imene inkamdyetsa. Kodi iye anali munthu wotani, ndipo kodi nchiyani chimene chinamtsegula maso?

Mnyamata wa ku Folkestone

William Harvey anabadwa pa April 1, 1578, m’tauni ya Folkestone, pagombe la kummwera koma chakummaŵa kwa England. Atate wake, a Thomas Harvey, anali munthu wopeza bwino amene anadzakhala meya wa tauniyo mu 1600. William ndiye anali woyamba mwa ana aamuna asanu ndi aŵiri. Ambiri a ang’ono ake anakhala amalonda olemera mu London, koma iye anasankha maphunziro. Atatsiriza sukulu ku Canterbury, analoŵa koleji ya Gonville and Caius ku Cambridge mu 1593, nalandira digiri yake yoyamba mu 1597.

Panthaŵiyo, wachichepere wofuna kudziŵa bwino kapangidwe ka thupi ankalakalaka kupita ku Padua, m’Italy. Yunivesite ya kumeneko inali ndi chipinda chapadera chotumbuliramo mitembo, mmene ophunzira ankaimirira m’mizere yozungulira, wina pamwamba pa unzake, akumasuzumira thebulo limene linali pansi. Harvey anapita kumeneko, ndipo analandira digiri ya udokotala mu April 1602. Mmodzi wa aphunzitsi ake anali Hieronymus Fabricius, katswiri wotchuka wa za kapangidwe ka thupi. Kanthu kena kakang’ono kamene mphunzitsi ameneyu anasonyeza ophunzira ake kanakhala m’maganizo mwa Harvey kwa zaka zambiri.

Chiphunzitso Chimene Sichinkakayikiridwa

Kuti timvetse kukula kwa zimene Harvey anachita, tifunikira kudziŵa zimene iye anaphunzitsidwa. Agiriki ena akale, poona kuti mitsempha yogunda inkapezeka yopanda kanthu m’mitembo, anaganiza kuti iyo inkanyamula mpweya. Galen wa ku Pergamo, dokotala wa m’zaka za zana lachiŵiri C.E. amene anatumikira Mfumu Marcus Aurelius ya Roma, anasonyeza kuti mitsempha imeneyo imakhala ndi mwazi. Pamfundo imeneyo iye analondola. Komabe, zambiri za zimene anadziŵa anazipeza mwa kutumbula anyani, nkhumba, ndi zinyama zina, ndipo pamene maso ake sanathe kuona, anadzaza mpatawo ndi malingaliro.

Galen anaphunzitsa kuti mitundu iŵiri ya mitsemphayo inali ndi magwero osiyana ndi ntchito zosiyana. Malinga ndi iye, chiŵindi chinkasandutsa chakudya kukhala mwazi woderapo, umene unkayenda m’mitsempha yosagunda kumka ku ziŵalo zonse, kumene unkathera monga momwe madzi amathera m’dimba. Mwazi pang’ono unkadutsa m’timabowo tosaoneka m’khoma lapakati la mtima, nusanganizika ndi mpweya wochokera m’mapapu, ndiyeno nuloŵa m’mitsempha yogunda kukapereka kutentha ndi mphamvu ya moyo. M’chiphunzitso chimenechi mwazi sunkabwerera. Unkapangidwa, kugwiritsiridwa ntchito, ndi kutha.

Panali ena amene anaona ming’alu m’chiphunzitsocho. M’zaka za zana la 13, Ibn al-Nafis, dokotala wa ku Cairo, analemba kuti khoma la mtima lilibe timabowo ndi kuti mwazi umadzera m’mapapu. Michael Servetus wa ku Spain anafotokoza zofananazo m’buku lake la zaumulungu la mu 1553, chaka chimene anatenthedwa pamtengo ku Geneva kaamba ka zikhulupiriro zake zachipembedzo. Realdo Colombo anazifotokozanso mu 1559. Komabe, palibe aliyense wa iwo amene anasonyeza kuti mwazi umazungulira thupi lonse. Mabuku a Galen anapitirizabe kulamulira, kwakuti dokotala wotsutsana nawo ankaonedwa monga munthu wosayenerera ntchito yake.

Titseko Tating’ono m’Mitsempha

Kodi nchiyani chimene Fabricius anasonyeza ophunzira ake? Atang’amba mitsempha yosagunda ya m’mikono ndi m’miyendo, iye anapeza timinofu topyapyala tonga matumba, kaŵirikaŵiri tokhala tiŵiritiŵiri. Anatitcha titseko tating’ono, ndipo mu 1603 anafalitsa buku lokhala ndi zithunzi zake. Pokhala wokhulupirika kwa Galen, iye analingalira kuti ntchito ya titsekoto inali yochedwetsa mwazi pa ulendo wake wochoka pakati pa thupi, kuti usathamangire wonse m’manja ndi m’mapazi.

Harvey anabwerera kwawo ali ndi funso limeneli m’mutu. Mu 1604 anakwatira Elizabeth Browne, mwana wa dokotala wa banja lachifumu. Mu 1607 anakhala chiŵalo chokwanira cha bungwe la madokotala la College of Physicians, ndipo mu 1609 anaikidwa kukhala dokotala pachipatala cha St. Bartholomew, kumene ankaona odwala osauka a mu London. Kuyambira mu 1616 anali kukamba nkhani za kapangidwe ka thupi pamaso pa madokotala anzake, ndipo mu 1618 anakhala mmodzi wa madokotala a Mfumu James I. Kwa openyerera, iye anali dokotala wopambana amene analibe chifukwa choutsira mkangano.

Koma kunyumba kwake iye anali kupenda zinthu. Anatenga kachitsulo kowonda nakaloŵetsa m’mtsempha wosagunda. Atakalozetsa kumka kumapazi kapena kumanja, kanatsekerezedwa ndi titseko tija. Atakalozetsa kumka kumtima, kanadutsa mosavuta. Ndiponso, titseko ta m’mitsempha ya m’khosi tinapenya kumunsi, pamene ta m’miyendo tinapenya kumwamba. Tonse tinaloza malo amodzi, kumtima. Zaka zambiri pambuyo pake, wasayansi Robert Boyle anasimba kuti Harvey anamuuza kuti titseko timeneti ndito tinamchititsa kuyamba kulingalira za kuzungulira kwa mwazi. Harvey anali wokhutira kuti chiŵalo chopangidwa mwaluso chotero sichikanaikidwa m’thupi popanda chifuno.

Umboni wa Mkono, Njoka, ndi Masamu

Mtima wa galu umagunda mofulumira kwambiri kwakuti diso silingatsatire kayendedwe kake. Chotero Harvey anapenda mitima ya achule, njoka, nsomba, ndi nkhono, imene imagunda pang’onopang’ono, limodzinso ndi mitima ya zinyama zimene zinali pafupi kufa. Anaona kuti ntchito yeniyeni ya mtima imachitika pamene ukufinyika, ndi kuti panthaŵi imodzimodziyo mitsempha yogunda imafutukuka. Motero kugunda kwa pamkono sikuchokera m’mtsempha weniweniwo, monga momwe Galen anaphunzitsira. Kuli kukankha kwa mwazi wotulutsidwa ndi mtima.

Njoka inapereka umboni wina. Harvey atapana mtsempha waukulu wosagunda chamunsi mwa mtima wake, mtimawo unachepa ndi kutuŵa chifukwa chosoŵa mwazi. Atamasula pamenepo ndi kupana mtsempha waukulu wogunda, mtimawo unatupa ndi kuderapo monga ngati uphulika. Kunali kwachionekere kuti mwazi unkaloŵera kumodzi ndi kutulukira kwina.

Ndiyeno panali kupenda kumene munthu aliyense akanatha kuona ndi maso ake. Madokotala a m’nthaŵiyo ankamanga mkono wa wodwala asanateme mtsempha kuti achotse mwazi. Harvey anasonyeza kuti pamene nsaluyo yamangidwa zolimba kwambiri, kugunda kwa pamkono kumaleka, dzanja limayamba kuzizira, ndipo mitsempha ya pansi pa khungu siitupa. Pamene yamasulidwa pang’ono, kugunda kumabwerera, dzanja limafunda, ndipo mitsempha ya kumunsi kwa nsaluyo imatupa, nionetsa timfundo pamalo pamene pali titseko. Kodi nchifukwa ninji? Mitsempha yogunda, pokhala yakuya ndi yolimba, imapitiriza kuloŵetsa mwazi m’dzanja, koma yosagunda, pokhala yapamwamba ndi yofeŵa, imakhalabe yopanikizika, ndipo mwazi umasoŵa pobwerera. Ndiponso, munthu atakanikiza mtsempha wotupawo ndi chala chimodzi ndi kukankhira mwazi kumtunda ndi chala china kufikira utapyola katseko, chigawo chimenecho chimakhalabe chopanda kanthu. Chimadzazanso kokha pamene chala chakumunsi chachotsedwa.

Umboni wamphamvu koposa unali wa masamu. Harvey anayerekezera kuchuluka kwa mwazi umene mtima umatulutsa pakugunda kumodzi, nachulukitsa ndi nthaŵi zimene umagunda m’theka la ola. Ngakhale kuti anasankha dala ziŵerengero zochepa, anapeza kuti mwaziwo unaposa umene thupi lonse lingakhale nawo. Palibe chiŵindi chimene chikanatha kupanga mwazi wochuluka motero kuchokera ku chakudya cha munthu. Panatsala yankho limodzi lokha: Uli mwazi umodzimodziwo umene umatuluka ndi kubwerera mosalekeza. Lerolino nzodziŵika kuti munthu wamkulu ali ndi mwazi wokwana malita pafupifupi 5, ndi kuti mtima wake umapopa wochuluka motero pamphindi iliyonse pamene akupuma, kapena malita oposa 7,000 patsiku.

Chifukwa Chake Mitsemphayo Imasiyana

Harvey atazindikira njira ya mwazi, kusiyana kwa mitundu iŵiri ya mitsemphayo kunakhala kwatanthauzo. Akale ankanena kuti mitsempha yogunda ili ndi khoma lochindikala kuti mzimu wa moyo usathaŵe. Harvey anafotokoza kuti khomalo nlochindikala chifukwa chakuti liyenera kupirira mphamvu ya kukankha kwa mtima. Iye anaona kuti mitsempha imeneyi njochindikala koposa pafupi ndi mtima, ndi kuti nthambi zake zakutali zimanka zipyapyala kufikira zitafanana ndi mitsempha inayo.

Kufufuza kwa pambuyo pake kwatsimikizira zimenezi. Mitsempha yotumiza mwazi kuchokera kumtima, imene madokotala amaitcha ma artery, limodzi ndi yobweza mwazi kumtima, yotchedwa ma vein, yonse ili ndi khoma la miyalo itatu. Kusiyana kwakukulu kuli pamuyalo wapakati. M’mitsempha yotumiza mwazi, muyalo umenewu uli ndi minofu yambiri ndi ulusi wotamuka monga mpira. Mtsempha waukulu koposa, aorta, ngwotakata masentimita pafupifupi 2.5. Umafutukuka pamene mtima ukankha mwazi, ndiyeno umabwerera m’malo, motero ukumapititsa mwaziwo patsogolo ngakhale pamene mtima ukupuma pakati pa kugunda kuŵiri. Mtsempha wotero umakhalabe wobulungira ngakhale utadulidwa.

Pamene mwazi uyamba ulendo wobwerera, mphamvu yambiri ya kukankhako imakhala itatha. Chotero mitsempha yobweza mwazi siifunikira khoma lochindikala. Iyo njopyapyala, njotakata mkati, ndipo imaphwa ikakhala yopanda kanthu. Panthaŵi iliyonse imasunga pafupifupi magawo aŵiri mwa atatu a mwazi wonse wa m’thupi. Nanga mwazi wa kumapazi umakwera motani kumka kumtima? Pamene munthu akuyenda, minofu ya m’miyendo imafinya mitsemphayo, ndipo titseko tija timalola mwazi kukwera koma timauletsa kutsikanso. Pamene titseko tafooka, mwazi umaunjikana ndipo mitsempha imatupa ndi kupindikapindika, vuto limene limafala mwa akazi apakati ndi anthu ogwira ntchito choimirira kwa maola ambiri.

Onaninso kuti chimene chimapatsa mtsempha dzina ndicho kumene ukupereka mwazi, osati maonekedwe a mwaziwo. Mtsempha wochoka kumtima kumka kumapapu umanyamula mwazi woderapo, komabe uli ndi khoma la mtsempha wotumiza mwazi. Akale anasokonezeka nazo zimenezi. Harvey anasonyeza kuti kapangidwe kake kamagwirizana ndi ntchito yake.

Buku Laling’ono, Chitsutso Chachikulu

Harvey sanafulumire kufalitsa zimene anapeza. Kwa zaka zambiri anazisonyeza kwa madokotala anzake ndi kumvetsera zitsutso zawo. Potsirizira pake, mu 1628, ali ndi zaka 50, buku lake lachilatini la masamba 72 linasindikizidwa ku Frankfurt, m’Germany. Limadziŵika ndi dzina lachidule lakuti De Motu Cordis, kutanthauza za kayendedwe ka mtima. Linasindikizidwa papepala losakhala bwino ndipo linali ndi zophophonya zambiri za osindikiza. M’bukumo Harvey anavomereza kuti ankaopa kuti anthu adzamuda, popeza kuti anadziŵa mmene chiphunzitso chozoloŵereka chimazikira mizu mwa munthu.

Mantha akewo sanali opanda maziko. John Aubrey, amene anamdziŵa muukalamba wake, analemba kuti bukulo litatuluka odwala ambiri analeka kupita kwa Harvey, ndipo anthu wamba anamyesa wozungulira mutu. Mu 1630 James Primrose anafalitsa buku lomtsutsa. Mu 1636, ali paulendo m’Germany, Harvey anasonyeza umboni wake kwa profesa wokalamba Caspar Hofmann, koma iye sanakhutire. Ku Paris, Jean Riolan, katswiri wolemekezeka wa za kapangidwe ka thupi, anatetezera Galen mwamphamvu. Otsutsawo sanali mbuli. Iwo anaona kuti ngati Harvey anali wolondola, maziko a machiritso awo ambiri akagwedezeka. Ndiponso anali ndi funso limene Harvey sanathe kuliyankha mokwanira: Kodi mwazi umadutsira pati kuchoka m’mitsempha yotumiza kuloŵa m’yobweza?

Kwa zaka 21 Harvey sanafalitse yankho lililonse kwa omnyozawo. Mu 1649 mpamene analembera Riolan makalata aŵiri aulemu, akumapereka umboni wowonjezereka ndi kulimbikitsa oŵerenga kudzipendera okha nkhaniyo.

Dokotala wa Mfumu m’Nthaŵi za Mavuto

Mfumu Charles I inamkonda Harvey ndipo inamlola kupenda agwape a m’nkhalango zachifumu. Panthaŵi ina aŵiriwo anaonana ndi Hugh Montgomery, mnyamata wa m’banja lolemekezeka amene ngozi ya paubwana inamsiyira bowo pachifuŵa. Kupyolera m’bowolo, mfumu ndi dokotala wake anaona ndi kukhudza mtima wa munthu wamoyo ukugunda.

Chizoloŵezi cha Harvey cha kupenda zinthu asanagamule chinathandizanso anthu wamba. Mu 1634 akazi anayi a ku Lancashire amene anapezedwa ndi mlandu wa ufiti anabweretsedwa ku London. Anthu ankakhulupirira kuti mfiti imakhala ndi chizindikiro chachilendo pathupi. Madokotala ndi azamba anapima akaziwo motsogozedwa ndi Harvey, ndipo sanapeze chilichonse chosakhala chachibadwa. Akaziwo sanaphedwe.

Nkhondo yachiŵeniŵeni itaulika mu 1642, Harvey anamamatira kwa mfumu. Nyumba yake ya ku Whitehall inafunkhidwa, ndipo zolemba zake za zaka zambiri, kuphatikizapo zonena za kuberekana kwa tizilombo, zinatayika. Kutayika kumeneku kunamŵaŵa kwa moyo wake wonse. Anatsagana ndi mfumu ku Oxford, kumene anaikidwa kukhala mkulu wa koleji ya Merton mu 1645. Mzindawo unagonja mu 1646, ndipo mfumuyo inadulidwa mutu mu January 1649. Mkazi wake atamwalira, ndipo pokhala wopanda ana, Harvey anakhala ndi ang’ono ake, akumavutika ndi nthenda yopweteka yotupitsa mfundo za mapazi. Chikhalirechobe, mu 1651 anafalitsa buku lalikulu lonena za kakulidwe ka mwana wa nyama asanabadwe.

Chimene Sanakhale ndi Moyo Kuti Achione

Pofika m’ma 1650, mayunivesite ambiri a ku Ulaya anali atayamba kuvomereza kuzungulira kwa mwazi. Wafilosofi Thomas Hobbes ananena kuti Harvey ndiye yekha amene iye anamdziŵa amene anagonjetsa nsanje ndi kukhazikitsa chiphunzitso chatsopano adakali moyo. Mu 1654 bungwe la madokotala linamsankha kukhala pulezidenti wake, koma anakana ulemuwo chifukwa cha ukalamba. Anamangira bungwelo laibulale, imene inapsa pamoto waukulu wa mu London mu 1666. Harvey anamwalira pa June 3, 1657, ali ndi zaka 79, ndipo anaikidwa ku Hempstead, m’chigawo cha Essex.

Zaka zinayi pambuyo pake, mu 1661, Marcello Malpighi wa ku Bologna anayang’ana mapapu a chule ndi maikulosikopu. Anaona ukonde wa timitsempha tosaoneka ndi maso togwirizanitsa mitundu iŵiri ya mitsempha ija. Khoma la timitsempha timeneti nlopyapyala monga selo limodzi, ndipo mmenemo ndimo mwazi umapereka okosijeni ndi chakudya ku ziŵalo. Funso la otsutsa aja linayankhidwa. Malpighi anabadwa mu 1628, chaka chimene buku la Harvey linatuluka.

Machiritso sanasinthe mwamsanga. Kuchotsa mwazi kunapitirizabe kwa zaka zina pafupifupi 200. Komabe, zambiri zimene zimachitika m’zipatala lerolino zimadalira pa zimene Harvey anatulukira. Namwino wopima kuthamanga kwa mwazi kwa wogwira ntchito m’migodi ya platinamu ya ku Mooinooi, pafupi ndi Rustenburg, amapima mphamvu imene ili m’mitsempha yotumiza mwazi. Mnzake wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amene akuika diripi amamanga mkono mosalimbitsa kwambiri ndi kufunafuna mtsempha wobweza mwazi, podziŵa kuti mankhwalawo adzafika kumtima ndi kufalikira thupi lonse. Wopereka chithandizo choyamba amadziŵa kuti mwazi wofiira kwambiri wotumphuka mogwirizana ndi kugunda kwa mtima ukuchokera m’mtsempha wotumiza mwazi, ndi kuti bala lotero lifunikira kukanikizidwa zolimba popanda kuzengereza. Dokotala wotenga mtsempha wa m’mwendo kuti alambalalitse mwazi pamtsempha wotsekeka wa mtima amautembenuza choyamba, kuti titseko take tisatsekereze njira. Ndipo pamene Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina mwa wodwala pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town pa December 3, 1967, iye anali kulumikizanso njira imene Harvey anaifotokoza zaka 339 kumbuyoko.

Fabricius ndi Harvey anayang’ana titseko timodzimodzito. Mphunzitsiyo anatipotoza kuti tigwirizane ndi zimene anakhulupirira kale. Wophunzirayo analola titsekoto kuwongolera chikhulupiriro chake, ngakhale kuti kutero kunamtayitsa odwala ndi kumdzetsera chitonzo kwa zaka zambiri. Iye sananyoze akale, pakuti anaŵerenga Galen ndi Aristotle mosamalitsa ndipo anawalemekeza. Koma sanalole ukale wa chiphunzitso kapena kutchuka kwa ochichirikiza kuloŵa m’malo mwa umboni. Aliyense wa ife angachite bwino kudzifunsa kuti: Kodi ndimachita motani pamene umboni woonekeratu utsutsana ndi zimene ndakhala ndikukhulupirira kuyambira paubwana?